YAMBANI NDI MTSAMIRO: MAU KWA OYAMBA KUPHUNZIRA KUSOKA

Abale a m'midzi, tsopano dzinthu zalowa m'nkhokwe, makasu apacikidwa, ndipo kuyambira mwezi wa June kufikira mwezi wa September nchito ya kumunda icepa. Ino ndiyo nyengo imene ndarama za mtedza, za fodya ndi za thonje zifika m'manja mwa mlimi, ndipo ndi nyengo yomweyi imene zituruka msanga. Gawo lina lipita ku mcere ndi sopo, lina lisungidwira mbeu ndi feteleza, ndipo gawo losacepa lipita ku nsaru. Cifukwa cace tifuna kukamba nanu lero za singano ndi ulusi, pakuti nsaru iri yonse ya m'nyumba mwa mlimi inayamba kugulidwa ndi thukuta la m'dzinja isanagulidwe ndi ndarama.

Pamudzi wina panali mai wina amene anagulitsa mtedza wace, nagula nsaru ya mamita 2 kuti asokere mwana wace wamkazi diresi la ku sukulu. Mai ameneyu sanasokepo cobvala ndi kale lonse, koma anali ataona telala alikudula nsaru pakhonde pa sitolo, ndipo anati mumtima mwace, Nchito iyi njosabvuta. Anayala nsaru pamphasa, naika diresi lakale la mwanayo pamwamba pace, nadula motsata m'mphepete mweni mweni mwa diresilo, osasiyako malo a msoko. Atasoka, diresi linakana kupita pamapewa. Analimasula, nalisokanso pafupi ndi m'mphepete, ndipo mwana analibvala masiku awiri. Koma politsika m'madzi nsaru inabwerera, monga icita nsaru yatsopano ya thonje, ndipo misoko inaphulika m'khwapa. Mtedza unali utatha, nsaru inatha, ndipo mwana anabwerera ku sukulu ndi diresi lakale lomwe lija.

Mai ameneyu sanali waulesi, ndipo manja ace anali abwino. Colakwa cace cinali cimodzi, ndico kuyamba ndi nchito yaikuru asanaphunzire yaing'ono. Mnyamata woyamba kulima sapatsidwa maekala 5. Apatsidwa kamunda kumbali kwa munda wa atate wace, kuti akalakwa mizere banja lisagone ndi njala. Kamunda ka wophunzira kusoka ndiwo mtsamiro, umene ena aucha pilo, ndipo ukakhala wa pampando auti khushoni.

SI NCHITO YACILENDO

Wina asanene kuti nchito ya nsaru ndi ya alendo, kapena kuti ndi ya akazi okha. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja alikulima thonje, napota ulusi, naomba nsaru zao zolimba m'midzi mwao, ndipo amuna ndiwo anali kuoneka kawiri kawiri pa nchitoyi. Kufikira lero thonje lilimidwa ku Cikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo atelala ambiri a pa makonde a masitolo ndi amuna. Cotero mau awa ali kwa amai ndi atsikana, ndiponso kwa abambo ndi anyamata.

CIFUKWA NINJI MTSAMIRO?

Mtsamiro uphunzitsa zinthu 4 zimene cobvala ciri conse cifuna. Uphunzitsa kuyesa ndi tepi, kudula molunjika, kusiya malo a msoko, ndi kusoka msoko wosaphulika. Koma uli ndi cifundo cimene diresi liribe: mukalakwa ndi cala cimodzi, mtsamiro ucepako pang'ono, koma mutu ugonapo ndithu, diresi likacepa ndi cala cimodzi m'khwapa, latayika. Ndiponso mtsamiro sufuna nsaru yatsopano, pakuti citenje cakale cimene cang'ambika pakati ciri ndi mbali zace zabwino, ndipo nsaru yofunda ya pa kaunjika ikwanira mitsamiro yambiri.

ZIPANGIZO

Woyamba safuna makina. Afuna masingano awiri kapena atatu, ulusi wofanana ndi nsaru m'maonekedwe, ulusi wina wa maonekedwe osiyana wogwirizira, sizasi yakuthwa, tepi yoyesera, mapini pang'ono, ndi coko ca ku sukulu kapena kacidutswa ka sopo wouma kolembera pansaru. Sizasi ya nsaru ikhale ya nsaru yokha. Mukadulira mapepala, zingwe ndi tsitsi la ana, ibuntha, ndipo sizasi yobuntha itafuna nsaru m'malo modula.

Tepi iri ndi miyeso iwiri, mainci mbali yina ndi masentimita mbali yinzace. Inci imodzi ndi masentimita 2 ndi theka, kuposako pang'ono. Atelala ambiri ayesa ndi mainci. M'mau ano tiyesa ndi masentimita. Sankhani mbali imodzi ya tepi, nimukhale nayo kufikira nchito itatha, pakuti ambiri aononga nsaru poyesa mwana ndi mainci ndi kudula ndi masentimita.

Masingano ndi mapini musabaye pamphasa kapena pa nsaru imene mwabvala, ndipo musawagwire ndi milomo. Asungeni m'kabotolo kotseka, kutali ndi ana okwawa.

KUKONZA NSARU

Monga munda usoswa usanabzalidwe, nsaru nayo ikonzedwa isanadulidwe. Coyamba icapeni, muiyanike, nimuisite. Nsaru ya thonje ibwerera pocapidwa koyamba, ndipo nkwabwino kuti ibwerere isanakhale cobvala. Kucapako kucotsanso mankhwala oumitsa amene aipatsa kulimba konyenga m'sitolo, ndipo kukuonetsani ngati utoto wace usuluka.

Caciwiri, yang'anitsani maombedwe ace. Nsaru iri ndi ulusi wa mitundu iwiri: wina uyenda m'litali, motsata mphepete ija yosasomoka imene icokera ku makina oombera, wina upingasa. Kokani nsaru m'litali, muona kuti sitamuka; kokani mopingasa, itamuka pang'ono; kokani mwa ngondya ndi ngondya, itamuka kwambiri. Cinthu codulidwa mopendeka, cosatsata ulusi, cipotoka cikacapidwa, ndipo palibe nsimbi imene ingaciongole. Kuti mupeze mzere woongoka, dulani pang'ono m'mphepete, musolole ulusi umodzi wopingasa kufikira mbali yinayo. Njira imene ulusiwo wasiya ndiyo mzere wanu.

Cacitatu, dziwani kuti nsaru iri ndi kumaso, kumene maluwa aoneka bwino, ndi kumsana, kumene aoneka mozirala. Zolemba zonse za coko zilembedwa kumsana, ndipo posoka zidutswa ziwiri ziyang'anana kumaso.

MISOKO ITATU

Dulani ulusi wa utali wa kuyambira pa cala kufikira pa cigongono, kapena kuposako pang'ono. Ulusi wautali ukodwa, nupanga mfundo, ndipo utha mphamvu popita m'nsaru kawiri kawiri.

Msoko woyamba ndi wogwirizira. Singano ilowa ndi kuturuka patali patali, monga utali wa nyemba, ndi ulusi wa maonekedwe osiyana. Nchito yace ndi kugwira nsaru ziwiri kuti zisasunthe, ndipo usololedwa pamene msoko weni weni watha. Oyamba ambiri aupeputsa, nati ndi kutaya nthawi. Koma nthawi yomasula msoko wokhota iposa nthawi yogwirizira.

Msoko waciwiri ndi wobwerera m'mbuyo, ndiwo wolimba koposa mwa misoko ya pamanja. Turutsani singano pamzere. Ibwezeni m'mbuyo pang'ono, monga kukula kwa njere ya mapira, muilowetse. Ndipo ituruke kutsogolo kwa pamene ulusi unaturukira, ndi muyeso womwewo. Bwererani m'mbuyo kufikira pamene msoko woyamba unathera, ndi kucita cimodzimodzi. Pamwamba uoneka ngati msoko wa makina, wopanda mipata.

Msoko wacitatu ndi wopendera. Pindani mphepete kawiri, kuti mapazi a ulusi abisike m'kati, ndipo singano itole ulusi umodzi kapena iwiri ya nsaru ya pansi, nilowe m'mphepete mwa copindaco. Kumaso kwa nsaru kuoneke timadontho tokha.

Yesani misoko iyi pa cigamba madzulo awiri kapena atatu, kufikira mizere iongoka. Musakoke ulusi kolimba, kuti nsaru ingakwinyike.

THUMBA LA M'KATI

Mtsamiro wabwino uli ndi nsaru ziwiri: thumba la m'kati losunga zoikamo, ndi cobvala cace ca kunja cimene cibvulidwa ndi kucapidwa. Yambani ndi thumba, pakuti zolakwa zace sizidzaoneka ndi alendo.

Tinene kuti mufuna mtsamiro wa masentimita 40 mbali zonse. Musadule 40. Msoko udya nsaru, ndipo uyenera kupita sentimita 1 ndi theka kucokera m'mphepete, kuti ulusi usasomoke. Popeza pali msoko uku ndi uku, onjezani masentimita 3, nimudule 43 mbali zonse. Apa ndi pamene mai uja anagwa, ndipo amene wamvetsa ici wamvetsa theka la nchito ya telala.

Dulani coyamba pepala la 43 mbali zonse. Kuti mudziwe ngati ngondya zace ziri zoona, lipindeni pakati, mbali ina pamwamba pa inzace, ndipo mulipindenso ngondya ndi ngondya. Mbali zikakumana bwino, pepala liri bwino. Pepala limeneli ndilo patani wanu woyamba. Liikeni pansaru, mbali yace imodzi itsate ulusi wa m'litali, mulibaye ndi mapini, mulembe ndi coko mozungulira, nimudule zidutswa ziwiri. Citenje ca mamita 2 cituruka zidutswa 8 zotere, ndiyo mitsamiro 4, ndi kutsalako nsaru ya zigamba.

Dulani kakatoni ka sentimita 1 ndi theka m'lifupi, ndipo ndi kameneka lembani mzere wa msoko mozungulira, kumsana kwa nsaru. Ikani zidutswa ziwirizo moyang'anana kumaso, mugwirizire, ndi kusoka pamzere ndi msoko wobwerera m'mbuyo. Sokani mbali zitatu zathunthu, koma pakati pa mbali yacinai siyani khomo la masentimita 15. Pa ciyambi ndi pa mapeto sokani kawiri kapena katatu pamalo amodzi, pakuti pakhomopo mpamene dzanja lidzakoka. Dulani nsonga za ngondya zinai mopendeka, osafika pa ulusi, kuti zisaunjikane m'kati. Tsono tembenuzani thumba kudzera pakhomo lija, muturutse ngondya ndi kamtengo kosasongoka.

ZOIKAMO ZICOKERA KUMUNDA

Wa m'tauni agula siponji, koma mlimi ali nazo zoikamo pakhomo pace.

Thonje ndilo lofewa. Thonje lothimbirira limene ogula alipatsa mtengo wocepa likwanira nchito iyi. Cotsani njere zonse, pakuti ziri ndi mafuta ndipo ziitana makoswe. Kumbukirani kuti pa kulemera kwa thonje la kumunda, njere ndizo zicuruka, ndipo ubweya ndi gawo limodzi la magawo atatu kapena kuposako pang'ono. Cotero tengani lambiri. Liyanikeni padzuwa, mulimwaze ndi zala kufikira lituwa.

Kumene kuli mitengo ya usufu, ubweya wa m'zipatso zace ngwopepuka, ndipo sutenga cinyezi msanga. Koma ugwira moto msanga ndithu. Musaukonze pafupi ndi koloboyi kapena pamoto.

Makoko a cimanga ali ndi ali yense. Sankhani a m'kati ofewa, mudule tsinde lace lolimba, muwang'ambe m'litali tizingwe tating'ono, nimuwayanike kufikira auma gwa. Achula pang'ono pogona, koma sagulidwa, ndipo mukhoza kuwasintha caka ndi caka pokolola.

Nthenga zazing'ono za pa cifuwa ca nkhuku kapena bakha zifewa bwino, koma zicapidwe ndi madzi otentha ndi sopo, ndi kuyanikidwa masiku angapo. Mukapanda kutero zidzanunkha, ndipo zidzabwera ndi utitiri. Musatenge nthenga za nkhuku yofa ndi citopa. Tizidutswa ta nsaru timene telala asesa madzulo tithandizanso, mukaticapa ndi kutidula tating'ono.

Madeya ndi gaga musaikemo, pakuti ndico cakudya ca makoswe ndi anankafumbwe. Ndipo thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a mbeu lisasanduke mtsamiro, cifukwa mphuno ndi pakamwa zikhala pamenepo usiku wonse. Coikamo ciri conse cikhale couma, pakuti cacinyezi cicita nkhungu.

Ikani pang'ono pang'ono, kuyambira m'ngondya. Mukadzaza, pindirani m'kati milomo ya khomo, nimutseke ndi misoko yaing'ono yoyandikana. Tsiku la dzuwa turutsani mitsamiro panja, muigunde, kuti nsikidzi zisapezemo mudzi. Mau amodzi kwa amai: khanda losakwana caka lisagonekedwe pa mtsamiro, pakuti likhoza kutembenukira nkhope m'menemo ndi kulephera kupuma.

COBVALA CA MTSAMIRO

Ici sicifuna zipi kapena mabatani. Dulani cidutswa ca kutsogolo ca 43 mbali zonse, ndi zidutswa ziwiri za kumbuyo, ciri conse 43 m'litali ndi 30 m'lifupi. Pa ciri conse ca ziwirizi penderani mbali imodzi yaitali: pindani sentimita 1, mupindenso 1 ndi theka, nimusoke. Yalani ca kutsogolo kumaso kuli kumwamba; ikani ziwirizo pamwamba pace, kumaso kuli pansi, mipendero yao isanjikane pakati. Gwirizirani, musoke mbali zonse zinai, ndi kutembenuza. Kumbuyo kudzakhala khomo losanjikana ndi masentimita 12, lolowetsera mtsamiro ndi kuuturutsa tsiku locapa.

Sokani mitsamiro itatu musanapitirire. Woyamba udzakhota, waciwiri udzakhala bwino, ndipo wacitatu mukhoza kuika pampando wa alendo.

SIKETI YA MWANA

Cobvala coyamba cikhale siketi ya lasitiki, pakuti siisiyana kwambiri ndi thumba la mtsamiro. Koma tsopano muyesa munthu. Mwana aime coongoka, atabvala copyapyala. Tepi izungulire thupi mosapendeka, ndipo cala cimodzi cikhoze kulowa pansi pace. Lembani miyeso m'kope nthawi yomweyo, pamodzi ndi dzina ndi mwezi, pakuti mtima uiwala ndipo ana akula.

Yesani ciuno, yesani m'munsi mwa ciuno pamene thupi likula koposa, yesani utali kuyambira m'ciuno kufikira pansi pa bondo. Tinene kuti mwapeza 56, 66 ndi 42. Kukula kwa nsaru kukhale muyeso waciwiri uja ndi theka lace, ndiwo 99, kuti mwana akhoze kuthamanga ndi kukhala pansi. Onjezani 3 wa msoko, akhale 102. Pa utali onjezani 4 wa njira ya lasitiki ndi 6 wa mpendero, akhale 52. Lumikizani mbali ziwiri zazifupi ndi msoko umodzi. Pamwamba pindani 1, mupindenso 3, musoke mozungulira ndi kusiya kampata; lowetsani lasitiki wocepako pang'ono ndi ciuno, mulumikize nsonga zace kolimba, nimutseke kampatako. Mpendero wa pansi taucurukitsa dala: caka camawa mwana akatalika mudzaumasula ndi kuutsitsa, ndipo siketi idzabvalidwa caka cina osagula nsaru.

PATANI NDI ZIZINDIKIRO ZACE

Thupi la munthu siliri loongoka ngati mtsamiro. Liri ndi mapewa, khwapa ndi khosi, ndipo malaya, diresi ndi kabudula zifuna zidutswa zokhota. Cifukwa cace pali citsanzo ca pepala, cimene atelala acicha patani. Kale munthu wosaphunzira utelala anali kubvutika kukulitsa kapena kucepetsa citsanzo cimodzi, kufikira m'caka ca 1863, pamene telala wa ku America, Ebenezer Butterick, anayamba kugulitsa mapatani a misinkhu yosiyana siyana, kuti munthu wamba asoke kwao. Lero apezeka m'mabuku a zosoka, m'masukulu a nchito za manja, ndi pa intaneti pomwe.

Patani ali ngati mau a mlangizi wa zaulimi: amene atsata theka lace, nasiya theka, asadandaule pokolola. Werengani zonse musanagwire sizasi, ndipo mau amene simuwamva funsani, pakuti safunsa anadya phula. Zizindikiro zazikuru ndi izi.

Msinkhu. Musasankhe patani poyang'ana zaka za mwana kapena nambala ya pa malaya a kaunjika. Linganizani miyeso ya m'kope lanu ndi miyeso yolembedwa pa patani. Mudzaona kuti pepala liposa thupi ndi masentimita angapo. Musadule otsalawo, pakuti ndiwo malo opumira ndi okwezera mkono.

Mubvi wautali. Uwu utsate ulusi wa m'litali mwa nsaru. Yesani ndi tepi kucokera ku nsonga zace zonse ziwiri kufikira m'mphepete mwa nsaru. Miyeso ikafanana, pepala lagona bwino. Musalipendeketse pofuna kupulumutsa nsaru.

Mzere wa popinda, umene pa mapatani a Cingelezi ulembedwa Fold. Pepala lotere ndi theka la cidutswa. Pindani nsaru pawiri, muike mzerewo pa mpindo peni peni, ndipo pamenepo musadule. Potambasula mudzapeza cidutswa cathunthu, mbali zace zofanana.

Timano ta m'mphepete. Iti tionetsa pamene cidutswa cikumana ndi cinzace, monga mkono ndi phewa. Tilembeni pansaru ndi coko, ndipo polumikiza dzino likumane ndi dzino linzace.

Malo a msoko. Mapatani ambiri ogula awerengera kale sentimita 1 ndi theka, koma ena sawerengera. Dziwani ici musanadule.

Yalani mapepala onse pansaru, nimuone kuti akwana, musanadule ngakhale cimodzi. Ngati citenje ciri ndi mbalame kapena maluwa oimirira, mitu ya mapepala onse iloze kumodzi, kuti mbalame za kumbuyo zingaime cadodolido. Dulirani pa thebulo kapena pansi posalala, dzanja lina litapsinja nsaru. Musainyamule m'mwamba podula.

KUDZIPANGIRA PATANI

Amene alibe patani wogula asataye mtima, pakuti ali naye m'nyumba. Tengani kabudula wakale amene amkhala bwino mwana, koma watha. Masulani misoko yace bwino bwino, osang'amba, ndipo pomasula penyetsetsani m'mene analumikizidwira, pakuti msoko umene mumasula potsiriza ndiwo unasokedwa poyamba. Sitani zidutswazo, muziyale pa nyuzipepala kapena pa pepala lolimba la khaki, nimulembe mozungulira. Popeza mwamasula misoko, malo a msoko alimo kale. Koma mukalemba mozungulira cobvala cosamasula, monga anacita mai uja, muyenera kuonjeza. Pa pepala liri lonse lembani dzina lace, kutsogolo kapena kumbuyo, mulembenso mubvi wotsata ulusi wa m'litali. Ngati mwana wakula, dulani pepala pakati m'litali, mutanule zidutswazo pang'ono, nimumate pepala lina pampatapo. Kuonjeza m'mbali mokha kuononga makhotedwe ace.

Kabudula wa lasitiki ali ndi zidutswa 4, ziwiri za kutsogolo ndi ziwiri za kumbuyo. Za kumbuyo zikhota mozama koposa, pakuti ndiko kukhalira. Dulani pa nsaru yopinda pawiri, kuti zidutswa ziturukire za kumanja ndi za kumanzere. Amene adula cimodzi cimodzi osatembenuza pepala apeza miyendo iwiri ya kumanzere. Lumikizani ziwiri za kutsogolo pa mzere wokhota, ndi ziwiri za kumbuyo cimodzimodzi. Tsono ikani kutsogolo ndi kumbuyo moyang'anana kumaso, musoke m'mbali, ndipo pambuyo pace msoko wa pakati pa miyendo, kucokera mwendo wina kufikira unzace. Msoko wokhota wa kumbuyo sokani kawiri, pakuti anyamata akwera mitengo. Gwirizirani zonse coyamba, mwana ayese, ndipo pokhapo sokani kolimba. Njira ya lasitiki ndi mipendero mwaziphunzira kale pa siketi.

Patani ali yense watsopano muyambe mwamuyesa pa nsaru yakale. Akakhala bwino, tengani nsaru ya ndarama. Mapepala asungeni m'thumba louma, kutali ndi ciswe, pakuti patani mmodzi adzabveka ana onse a m'banja, wina pambuyo pa mnzace.

ZA MAKINA

Makina osokera anafala m'nyumba za anthu kucokera pamene Isaac Singer anaturutsa ace m'caka ca 1851, ndipo opalasa ndi mapazi ayenera kumudzi, pakuti safuna magetsi. Koma musafulumire kugulitsa mbuzi kapena kutenga ngongole cifukwa ca makina. Makina afulumiza dzanja lodziwa, ndipo afulumizanso kuononga kwa dzanja losadziwa. Sayesa, sadula, ndipo sawerenga patani. Mukapeza mwai wophunzira pa makina a mnzanu, yambani kupalasa opanda ulusi kufikira gudumu lileka kubwerera m'mbuyo. Pambuyo pace tsatani mizere ya pa pepala la m'kope ndi singano yopanda ulusi. Ndipo cinthu coyamba kusoka cikhalenso mtsamiro.

MAU OTSIRIZA

Nkwabwino kuphunzira anthu anai kapena asanu pamodzi, pamthunzi, masana kukali kowala. Sizasi imodzi yabwino ndi tepi imodzi zikwanira onse, ndipo diso la mnzako liona mzere wokhota umene lako silinauone. Pangano lanu likhale lakuti munthu asadule nsaru yatsopano mnzace asanayesenso miyeso yace. Ngati pamudzi pali mai wacikulire kapena telala wodziwa, mpempheni mwaulemu akhale nanu tsiku lodula.

Akuru anati, mmera mpoyamba. Mwezi wa June ukhale wa misoko ndi mitsamiro, wa July ukhale wa siketi, wa August wa kabudula. Ndipo pofika masiku otsegulira sukulu m'mwezi wa September, amene anayamba ndi cigamba adzakhala wokhoza kudula nsaru ya yunifolomu mosanjenjemera. Mvula ikayandikira, pukutani masingano, muwatsekere m'kabotolo kuti asacite dzimbiri, nimubwerere ku khasu. Ndarama imene ikadapita ku nsaru yoonongeka idzakhala itatsala ya mbeu.